Kusoka Popanda Nsalu

Khalani pansi, ana inu. Asiyatu, pukuta maso amenewo, ndipo inu Che Yusufu lekani kuseweretsa makiyi a minibasiwo, sakuyankhirani mlandu. Munandilanda kale mdzukulu wangayu amene ndinkamutcha mkazi wanga, ndiye lero mundibwereke makutu okha. Zonse ndamva. Khanda lanuli Sakina sakugona, mwezi wathunthu tsopano, kukangoda amalira mpaka mawu kusasa. Shehe anati dzina limeneli limatanthauza bata, koma zikuoneka kuti mwini dzina sanauzidwe. Kuchipatala mwapita, ndipo munachita bwino kuyambira kumeneko. Akuti thupi silikutentha, m'makutu mulibe kanthu, sikelo ikukwera. Ndamvanso zimene amayi akunong'onezana pamjigo, zoti mwana anayamba kulira sabata yomwe bambo ake anayamba kuyendetsa galimoto ya ku Namwera, ndiye kuti kumtundako kuli kanthu. Asiyatu, wandiuza kuti ukufuna kubwerera kwa mayi ako. Usanamange katundu umve kaye za ine, chifukwa mlandu womwewu unandigwerapo, ndipo msewu wake unali womwewu.

Inu mwandipeza maso atafooka, ulusi sinditha kuulowetsa pasingano, koma ine ndinali telala. Ndinkasokera pakhonde la sitolo ya Mmwenye wina kuboma, ndipo ndinkakhala chikamwini kwa Mponda, kwawo kwa agogo anu aakazi, Abiti Sumani. Masiku amenewo munthu sankagwada pamulu wa kaunjika kusankha malaya a munthu wosamudziwa. Ankagula nsalu, n'kubwera kwa ine, n'kuima njo ndikumuyeza, mimba atayibweza m'kati kuti ndilembe nambala yaing'ono. Makina anga anali opalasa ndi mapazi, akuda, amaluwa agolide amene anali atayamba kufufutika. Mutu wake unkazuka, miyendo yachitsulo n'kutsala, ndipo zimenezi muzisunge chifukwa tizifunanso kutsogoloku.

Patuma, mayi ako iwe Asiyatu, anali ndi miyezi iwiri pamene Ramazani inalowa. Ramazani kwa telala ndi nthawi yokolola. Aliyense akufuna kanzu yatsopano ya pa Idi, amayi akufuna madiresi, ana akufuna akabudula, ndipo onse amabwera sabata yomweyo ngati mwezi wawadzidzimutsa. Ntchito itandikulira, ndinasamutsira makina kunyumba. Nyumba yake inali ya chipinda chimodzi. Tikamasula kusala kudya ndi futali wa chinangwa, ine n'kubwera kumzikiti kuswala ya usiku ya Isha, ndinkayatsa koloboyi, kanyali kachitini kaja kamene kankasiya mwaye m'mphuno, n'kuyamba kupalasa. Nthawi yomweyo agogo anu ankasambitsa mwana, kumuyamwitsa, n'kumugoneka pamphasa pafupi ndi miyendo ya makina, poti malo ena panalibe. Patuma ankangoti kuphethira kawiri katatu, basi wapita. Amayi a m'mudzimo ankabwera kudzamuona. Ankati Abiti Sumani wabereka mwana wofatsa, wotengera kuchikazi.

Idi itapita, mwini sitolo wina wa ku Namwera ananditumira uthenga kuti ndikasoke mayunifomu a anthu ogwira ntchito m'minda ya fodya. Miyendo ya makina anali nayo, ndiye ndinangozula mutu, kuukulunga m'chiguduli, kuumangirira panjinga. Inu Che Yusufu mumakwera zitunda zimenezija mutakhala pampando, mukusintha magiya, wailesi ikuimba. Ife tinkawoloka Shire kusanache, ndipo tikafika pachitunda cha ku Chowe njinga ndiyo inkakwera ife. Unkakankha, kupuma pamwala, kudya nthochi, anyani akukuyang'ana, kenako kukankhanso. Koma ukafika pamwamba, mphepo yake! Munthu wochoka kunyanja kotentha kuno unkagona usiku woyamba utafunda matumba awiri. Ndinakhalako masabata atatu, ndikudya nyemba tsiku ndi tsiku mpaka ndinayamba kulota utaka.

Lachinayi lina ndinati ndikaone banja, ndikaswalire Ijumaa, pemphero la Lachisanu, kwathu. Ntchito inali isanathe, ndiye mutu wa makina ndinausiya komweko. Ndinatsika ndi kathumba ka nyemba ndi kansalu ka mwana, mtima uli mbee. Nditafika pabwalo, palibe anandilandira njinga.

Apongozi anga anali pakhonde akusankha mpunga. Paja kale mpongozi ndi mkamwini sankayang'anizana kapena kulankhulana maso ndi maso. Inu lero mumadyera mbale imodzi ndi apongozi anu n'kumajambulana pafoni. Anga aja akafuna kundiuza kanthu ankauza nkhuku, ndipo nkhuku za pakhomo paja zinamva zambiri.

"Iwe nkhuku," anatero osadzutsa mutu, "uwafunse alendo afikawa kuti ku Namwera anakasokako chiyani."

Ndisanayankhe nkhukuyo, agogo anu anatuluka ali ndi mwana paphewa. Ndinachita mantha. Maso anali atalowa m'kati, mpango uli pambali, ndipo Patuma amene ndinamusiya ali ndi masaya anali atayamba kuphwa. Ndinatambasula manja kuti ndimulandire.

"Musamugwire," anatero agogo anu, mawu ali pansi. "Amayi akuti ndi ndaka. Chichokereni inu sanagonepo usiku. Tsiku lomwelo munapitalo."

Ndaka ndi imene ena amati tsempho. Akuluakulu ankati bambo akayenda njira zosayenera mwana ali wakhanda, mwanayo amadwala, ndipo bambo wotero saloledwa kumunyamula. Sindikunyoza mwambo, unkasunga mabanja ambiri. Koma tsiku limenelo unagwira munthu amene masabata atatu anangoona nsalu ya khaki ndi nyemba.

"Nanga inuyo mukuti bwanji, Abiti Sumani?" ndinafunsa.

"Ine sindikuti kanthu. Ine ndikufuna tulo. Ankhoswe aitanidwa Lamlungu."

Mkamwini analibe mizu, ana inu. Ankhoswe akagwirizana ndi apongozi, unkangopatsidwa mphasa yako ndi njinga yako, mwana n'kutsala. Usiku umenewo ndinagona pakhonde, ndipo ndinamva ndekha. Patuma ankalira, kupuma pang'ono ngati akumvetsera, n'kuyambiranso. M'nyumbamo anthu ankayenda monyang'ama, kulankhula monong'ona, mbale kuigwira ndi manja awiri kuti isalire. Anali atayesa zonse: kumusambitsa masamba, kumumanga kachingwe m'chiuno, kumukulunga m'bulangete kutentha konse kuja mpaka thukuta kamukamu. Poyamba ndinapsa mtima, ndinalira ndithu, sindibisa. Koma ine chibadwire ndine munthu wa mafunso, ndipo mkwiyo sukhalitsa mwa ine funso likalowa. Makina akayamba kudumpha ulusi, telala sathamangira kwa sing'anga. Amadzifunsa kuti dzulo ankasoka bwino, nanga chasintha n'chiyani? Singano, bobini, kapena lamba? Apongozi anawerenga bwino masiku, mwana anayambadi tsiku lomwe ndinachoka. Koma kodi tsiku limenelo m'nyumba muja munachoka ine ndekha?

Yankho silinabwere usikuwo. Linabwera m'mawa, agogo anu akuchokera kuchigayo, dengu la ufa pamutu, Patuma kumsana ali mtulo tofa nato, kamutu katapendekera kumbali, kukamwa kuli yasa.

"Wagona liti ameneyu?" ndinafunsa chapatali, poti kuyandikira sankandilola.

"Kuchigayo. Amatero masiku onse. Injini ikangolira amagona, tikabwera kunyumba kuno amadzuka."

"M'phokoso lonse lija?"

"M'phokoso lonse lija. Mwana wodabwitsa."

Ndinasuzumira pakhomo. Pakona panali miyendo ya makina anga, yopanda mutu, apongozi atasanjikapo lichero la mpunga. Ndinayang'ana miyendoyo, ndinayang'ana mphasa imene inali pafupi pake, ndipo tsitsi linandiyima. Sindinauze munthu, poti ndikanauza ndani? Ndikanati mwana akulirira chitsulo, akanati mkamwini wayamba kubwebweta ndi manyazi.

Loweruka ndinadzuka kusanache n'kukwera njinga. Ndinamva pambuyo pake kuti apongozi anauza nkhuku kuti wolakwa wathawa yekha, ankhoswe asavutike. Ndinakankha chitunda chija osapuma pamwala uja, ndinapepesa kwa mwini sitolo, kumanga mutu wa makina, n'kutembenuka. Kutsika ndi katundu wolemera choncho ndi nkhani ina. Mabuleki a njinga yanga anali a dzina lokha, ndiye ndinkaponda tayala ndi chidendene cha nsapato mpaka chinatha mbali imodzi. Ndinafika dzuwa litalowa, anthu akuchokera kuswala ya Magharibi, Patuma atayamba kale nyimbo yake.

Ndinachotsa lichero lija, kukhazika mutu pamalo pake, kukoloweka lamba pagudumu. Pamenepo ndi pamene ndinakumbukira kuti nsalu zonse zatsala ku Namwera, m'nyumba mulibe ngakhale kachigamba. Ndinangochotsa singano kuti isathyoke.

"Abiti Sumani, chonde, musambitseni mwana monga munkachitira mu Ramazani. Mumuyamwitse, mumugoneke apa. Bulangetelo lichoke. Ine sindimugwira."

Agogo anu anakatenga beseni. Apongozi anaima pakhomo chofulatira, ndipo poti nkhuku zinali zitalowa m'khola, anauza mphaka.

"Iwe mphaka, bwera udzaone. Anthu akusoka mphepo."

Ndinayatsa koloboyi, ndinaika mapini awiri pakamwa monga mwa chizolowezi ngakhale panalibe chobaya, n'kuyamba kupalasa. Chaka-chaka-chaka. Patuma analira kamodzi, kawiri, kenako anadukiza. Anatembenuzira mutu ku miyendo ya makina. Zibakera zija zinayamba kumasuka chala chimodzichimodzi. Ine maso ali pa iye, mapazi akugwira ntchito okha. Zikope zitatsekeka ndinasangalala mopusa n'kuimitsa makina nthawi yomweyo, ndipo anadzuka ndi ukali woposa poyamba. Ndinayambiranso, ulendo uno ndikuchepetsa liwiro pang'onopang'ono mpaka gudumu linaima lokha. Anagona. Nditacheuka kuti ndione ngati agogo anu aona, ndinapeza nawonso agona chokhala, atatsamira khoma, beseni lili pamiyendo.

M'mawa mwake ndinamva apongozi pabwalo akuti, "Iwe nkhuku, ukawauze bambo a Patuma kuti madzi osamba ali kubafa, azizira." Kupepesa kwawo kunali kumeneko, ndipo ine ndinakulandira ndi manja awiri. Ankhoswe anabwerabe poti anali ataitanidwa. Anamva nkhani, anamwa thobwa, anaseka mpaka kutsokomola, ndipo mmodzi anavula jekete kuti ndimusokere thumba lobooka.

Kuyambira pamenepo ndinasanduka munthu wofufuza tulo ta ana, mpaka agogo anu ankati ndikanakhala mzamba. Ntchito ya ku Namwera ndinakaitenga n'kudzamalizira kunyumba, ndipo madzulo alionse ndinkayesa kanthu. Ndinapeza kuti tikayamba mochedwa, mwana atalira kale mpaka kufiira, makina ankagwira ntchito kawiri. Nthawi yabwino inali pamene wayamba kutikita m'maso ndi kukoka khutu. Ndinapeza kuti ndondomeko ikasokonekera, kuyamwa kukabwera kusamba kusanachitike, ankadandaula ngati kasitomala amene wapeza thumba kumanzere pomwe analifuna kumanja. Ndikakweza chingwe cha nyali kuti kuwale kwambiri, maso ake ankawalanso. Akagona nthawi yaitali dzuwa litapendeka, usiku tinkalipira ndife. Ndipo atakula n'kuyamba kuyenda, ankafunabe zomwezo, kungoti anawonjeza kukambirana: madzi akumwa, kukodza, madzi enanso. Pamenepo mankhwala ake anali kusasintha mawu, lero ayi, mawanso ayi.

Zina mwa zimene tinkachita musatengere. Utsi wa koloboyi uja sunali wabwino pachifuwa cha mwana, ndipo udzudzu tinkangouthamangitsa ndi chitenje. Inu muli ndi neti, mugonekeni m'menemo, chagada monga anakuuzirani anamwino, pamalo osawofuwoka, popanda mapilo ndi zidole zomuzinga kumaso. Ndipo wina asakunamizeni kuti mumumwetse mankhwala a chimfine kuti aledzere nawo agone, kapena phala asanafike msinkhu wake. Koma chimodzi chimandidabwitsa mpaka lero. Ife akuluakulu timafuna bata kuti tigone, ndiye timaganiza kuti khanda nalonso limafuna bata. Kodi m'mimba mwa mayi ake munali bata? Mtima ukugunda pamwamba pake usana ndi usiku, matumbo akulira, mayi akusinja. Mwina kwa iye chete wathuyu ndiye chinthu choopsa. Sindikudziwa, ndimangoganiza.

Nkhani ya makinayi ndinaikamba zaka zambiri, pamaukwati, pamasadaka, kwa aliyense wobwera kudzayezetsa thalauza. Ndinkati makina anga anapulumutsa banja langa. Agogo anu ankangomwetulira n'kumapitiriza zimene akuchita. Ndiye unabadwa iwe Asiyatu, ndipo nawenso unali ndi sabata zako zovuta. Ine ndinayamba kumasula mutu wa makina kuti ndipite nawo kwa Patuma. Agogo anu anandipeza ndikufunafuna chiguduli.

"Mukupita nacho kuti chitsulocho, Che Amidu?"

"Kukagoneka mdzukulu."

Anakhala pansi n'kuseka mpaka misozi. Kenako anandiuza chimene anandibisira kuyambira Patuma ali khanda. Anati tsiku lina, patapita mwezi chichitikireni zija, ine ndinakagona kumaliro kutsidya. Madzulo iwo anasambitsa mwana, kumuyamwitsa, kumugoneka, n'kukhala pamakina kuyamba kupalasa. Patuma anadukiza kulira, anatembenuza mutu, anadikira, kenako analira kuposa kale. Anapalasa mofulumira, anapalasa pang'onopang'ono, osathandiza.

"Ndiye ndinakumbukira," anatero. "Ndinatenga mapini awiri n'kuika pakamwa, n'kuyamba kuimbira m'mphuno kaswida ija mumaimba mukamasoka. Ndinakulitsa mawu ngati anu. Sanachedwe."

"Ine ndimaimba ndikamasoka?"

"Chikwatirireni. Nyimbo imodzi yomweyo, ndipo mumaiphonya pamalo amodzi omwewo."

Ana inu, ine sindinkadziwa. Pakamwa pakakhala mapini munthu sungatsegule milomo, ndiye nyimbo inkangotulukira m'mphuno osandipempha. Ndinawafunsa kuti bwanji sanandiuze nthawi yonseyi, ndikudzichititsa manyazi pamaso pa anthu ndi nkhani ya chitsulo.

"Amayi akanamva zoti mwana ankasowa bambo ake, akanati ndi ndaka yomweyo yavala malaya ena," anatero. "Chitsulo chinalibe mlandu, n'chifukwa chake anachikhulupirira. Ndipo inu munkaikonda nkhani yanuyo."

Makinawo anathandiza, sindikuwalanda ulemu. Phokoso lake linkamukhazika mtima pansi monga chinkachitira chigayo. Koma chimene Patuma ankadikira akadukiza kulira n'kumamvetsera, masabata atatu onse aja, chinali munthu woimba moipa uja. Agogo anu anapita zaka zapitazi, ndipo palibe tsiku limene ndimawasowa kuposa ndikakumbukira kuseka kwawo kwa tsiku limenelo.

Tsono Asiyatu, ine sindingalumbire m'malo mwa mwamuna wako. Mtima wa munthu ulibe zipi yoti n'kutsegula. Ngati uli ndi chifukwa china chomukayikira, chinene, tiitane ankhoswe. Koma ngati umboni wako ndi kulira kwa Sakina kokha, ndiye ndikufunsa funso la telala: sabata imene anayamba kulira, chinasintha n'chiyani nthawi ya madzulo? Dzana ndinakufunsa kuti Che Yusufu asanapeze ntchito ya minibasi, akugulitsa muokala paja, ankatani akaweruka. Unayankha wekha, mokwiya, kuti analibe phindu, ankangotenga mwana n'kumuika paphewa, kumazungulira naye pakhonde akumufotokozera za mpira. Wakuti anaphonya chigoli, wakuti sayenera kuseweranso, oimbira anagulidwa. Mwana wa miyezi itatu! Unati unkawaseka. Nanga pano amafika nthawi yanji? Sakina atalira kale maola awiri, iwe utatopa, ndipo chifikireni mphekesera zija sukuwalola n'komwe kumunyamula.

Che Yusufu, ntchito musasiye, mwana sadya nkhani za mpira. Koma kambiranani ndi mwini galimoto za ulendo womaliza uja, mwina masiku ena n'kumathera kuno m'malo mothera kumtunda. Masiku amene simungathe, ndili ndi funso limene likundisowetsa mtendere: kodi mutajambula mawu anu pafonipo, Asiyatu n'kumamuyatsira foniyo itavundikiridwa kuti isawale, angapusitsike? Agogo anu anamupusitsa Patuma ndi mapini awiri. Mukayese, mudzandiuze, ndikufuna kudziwa ndisanafe.

Taonani, wayamba kukoka khutu. Nthawi yake ndi imeneyi, tisadikire kuti afiire. Asiyatu, wamusambitsa kale, wayamwa kale, tsopano mpereke kwa bambo ake. Mpereke, mwana wanga, manja awo sakuotcha. Ehe, paphewa pomwepo. Khonde ndi ilo, Che Yusufu, yendani monga munkayendera. Musandiyang'ane ine, ine za mpira sindizidziwa. Muuzeni mwanayo, masewero a Lamlungu aja anatha bwanji?

Iwe Asiyatu, khala pano pafupi ndi ine. Usayang'ane nkhope ya mwamuna wako, sikuuza kanthu. Yang'ana zibakera za mwana.